Chitsulo chomwe chimalimbira pamoto

Tengani kawaya ka kopa, kaja kamatsalira amagetsi akamaliza ntchito m'nyumba, mukapinde pakati. Koyamba kamagonja mosavuta. Mukawongole, mupindenso pomwepo. Pofika kachitatu kapena kachinayi mumva kuti pamalopo pauma, ndipo waya akufuna kukapindikira chapambali pomwe simunagwirepo. Mukakakamira, pamafunda pang'ono, kenako pamaduka. Anyamata opanga magalimoto amawaya amazidziwa bwino zimenezi. Koma mukauika waya woumayo pamakala mpaka afiire, n'kumusiya azizire, amafewanso ngati watsopano. Palibe chomwe mwathiramo, palibe chomwe mwachotsamo. Kopa ndi yemwe uja.

Ntchito yanga ndi kuyang'ana zomwe zimachitika m'kati mwa chitsulo pa nthawi ngati imeneyi. Anthu akamva kuti ndimafufuza zitsulo, ambiri amaganiza kuti tikusakasaka chitsulo changwiro, chopanda kachilema n'kamodzi komwe, poti ndiye chingakhale cholimba koposa. Ndikufuna ndikuchotseni maganizo amenewo. Kulimba kwa chitsulo, kufewa kwake, ngakhale tsiku lomwe chidzathyoke, zonsezi zimalamulidwa ndi zilema zake, makamaka zomwe zimachitika zilemazo zikakumana. Ndipo pali gulu lina la zitsulo zosakaniza momwe kukumana kumeneku kumabala zodabwitsa, mpaka chitsulo kumalimbirako pamene chikutenthedwa. Ndege iliyonse ya injini za jeti yomwe imatera pa Kamuzu kapena pa Chileka imadalira zimenezi.

Maatomu m'chitsulo sakhala mwachisawawa. Amandanda mizeremizere, mizereyo n'kupanga misanjiko, misanjikoyo n'kusanjikizana mwadongosolo lobwerezabwereza, ndipo chinthu chotere timachitcha kristalo. Chitsulo chikapindika osabwereranso, ndiye kuti misanjiko ina yatsetsereka pamwamba pa inzake. M'chaka cha 1926, Yakov Frenkel wa ku Russia anawerengetsa mphamvu yofunika kuti msanjiko wathunthu utsetsereke nthawi imodzi. Yankho lake linasokoneza anthu mitu, chifukwa makristalo enieni a zitsulo ankagonja ndi mphamvu yocheperapo ka 100, ena ka 1,000, poyerekeza ndi masamuwo. Masamu anali olondola, zoyeza zinalinso zolondola, koma zinkatsutsana.

Mfundo inamasulidwa mu 1934 ndi anthu atatu, aliyense payekha: Geoffrey Taylor, Egon Orowan ndi Michael Polanyi. Iwo anati msanjiko sutsetsereka wonse pakamodzi. Kutsetserekako kumayambira mbali imodzi n'kumafalikira, mzere umodzi wa maatomu kusuntha, wotsatira kusunthanso, mpaka kukatulukira mbali ina. Pa nthawi iliyonse, pamakhala malire pakati pa chigawo chomwe chasuntha kale ndi chomwe sichinasunthe, ndipo m'malirewo maatomu amakhala opanikizana, osakhazikika bwino. Malire amenewa ndi kamzere kopyapyala koyenda m'kati mwa kristalo, ndipo dzina lake ndi dislocation. Kusuntha mzere umodzi wokha sikulira mphamvu zambiri, n'chifukwa chake zitsulo zimapindika m'manja mwathu.

Kwa zaka 22 anthu ankakhulupirira zimenezi osaziona zikuyenda m'chitsulo. Mu 1956, Peter Hirsch, Robert Horne ndi Michael Whelan ku Cavendish Laboratory ku Cambridge anaika kachidutswa kopyapyala ka aluminiyamu mu maikulosikopu ya maelekitironi, n'kuona timizereti tikuyenda. Chaka chomwecho Walter Bollmann ku Geneva anationanso. Tsopano nkhani ya waya uja ikumveka. Mukamamupinda, ma dislocation amaswana, amachulukana, amayamba kudutsana ndi kukolana. M'kabokosi ka kopa wofewa ka sentimita imodzi mbali zonse, kutalika kwa ma dislocation onse mutawalumikiza kumayambira pa makilomita 10 kapena kuposerapo. Kopa yemweyo akasulidwa kwambiri, kumapitirira makilomita 1 miliyoni. Pothinana chonchi palibe yemwe angayende, ndipo chitsulo chimauma. Moto umapatsa maatomu mpata wosuntha, zokolanazo zimamasuka, zambiri zimafafanizana, waya n'kufewa.

Izi ndi za chitsulo cha mtundu umodzi wa atomu, kapena chosakaniza momwe atomu iliyonse imakhala paliponse pomwe yapeza malo. Msanjiko ukasuntha phazi limodzi, atomu ya kopa imakhala pomwe panali ya kopa inzake, ndipo kristalo sadziwa n'komwe kuti china chadutsa. Koma pali zitsulo zina zosakaniza zomwe mtundu uliwonse wa atomu uli ndi mpando wakewake. Kopa ndi golide mukawasakaniza, maatomu 3 a kopa pa atomu 1 ya golide, n'kuziziritsa pang'onopang'ono kutsika pansi pa madigiri pafupifupi 390, maatomuwo amadzisanja okha: golide m'makona mwa kabokosi, kopa pakati pa mbali iliyonse ya kabokosiko. Chomwe ine ndimathera nacho nthawi yambiri ndi chibale chake, cha nikelo ndi aluminiyamu, chomwe timalemba kuti Ni3Al. Aluminiyamu amakhala m'makona, nikelo pakati pa mbali, ndipo dongosolo lake ndi louma khosi kotero kuti silisokonekera mpaka pafupi ndi posungunukira.

Ganizirani bolodi la drafuti. Mulicheke pakati motsatira mzere, ndipo theka la kumtunda mulikankhire pambali nyumba imodzi. Theka lililonse palokha lili bwinobwino, chakuda ndi choyera zikusinthanabe. Koma yang'anani pomwe munacheka paja: chakuda chagundana ndi chakuda, choyera ndi choyera, mzere wonse. Mukakankhanso nyumba ina imodzi, zonse zimabwerera m'chimake.

Ndi zomwe zimachitika dislocation imodzi ikadutsa mu Ni3Al. Kumbuyo kwake imasiya msanjiko wonse momwe aluminiyamu wayandikana ndi aluminiyamu mnzake, chinthu chomwe kristalo ameneyu safuna. Chilema chimenechi timachitcha antiphase boundary, mwachidule APB. Kuchipanga kumadya mphamvu, ndipo dislocation ikamapita patsogolo, chilemacho chimakulirakulira n'kumaikokera m'mbuyo. Yokha singafike patali. Choncho zimayenda ziwiriziwiri: yoyamba ikusokoneza, yachiwiri ikubwera pambuyo kukonza. Ziwirizi zimakankhana chifukwa n'zofanana, koma kachigawo ka APB komwe kali pakati pawo kamazikoka kuti zisatayane, ndiye zimakhazikika motalikirana mananomita ochepa chabe. James Koehler ndi Frederick Seitz analosera zimenezi mu 1947, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu anaziona ndi maso m'chosakaniza cha kopa ndi golide chija.

Kuti ndizione ineyo, ndimadula kachitsulo kozungulira ka mamilimita 3, n'kukapala mpaka katsale kopyapyala ngati pepala. Kenako kamalowa m'makina owazira asidi wozizira kwambiri mbali zonse ziwiri, magetsi akudutsa, mpaka pakati pabowoke kabowo. Makina amazima kuwala kukangodutsa pabowopo. Kabowoko sindikafuna, chomwe ndikufuna ndi m'mphepete mwake, momwe chitsulo chatsala chokhuthala mananomita 100 kapena kucheperapo, poti maelekitironi angathe kupyola. Ndikachiika mu maikulosikopu, poyamba awiri aja amaoneka ngati mzere umodzi wakuda wonenepa. Ndimayenera kupendeketsa kachidutswako pang'onopang'ono, gawo la digiri imodzi nthawi iliyonse, mwa njira yomwe David Cockayne ndi anzake anatulukira ku Oxford mu 1969. Chithunzi chimada bii, ndipo mumdimamo mumatuluka timizere tiwiri toyera, toonda, toyenda limodzi. Ndikayeza mpata wa pakati pawo, ndimatha kuwerengetsa mphamvu ya APB m'chitsulocho. Mpata ukachepa, ndiye kuti dongosolo la maatomu ndi lolimba.

Tsopano tifike pa mtima pa nkhani. Ma dislocation sayenda pamsanjiko umodzi wokha. Kristalo ali ndi misanjiko yopendekera mbali zosiyanasiyana, ndipo oyenda pa umodzi amayenera kudula oyenda pa wina. Awiri akadulana, aliyense amachoka ndi kakhwawa, kaphazi kamodzi ka atomu pamzere wake, komwe timati jog. Nthawi zina kakhwawaka kamatha kutsetsereka limodzi ndi mzere wonse. Nthawi zina sikatha, ndipo mzere ukakakamizidwa kupitabe, kamakokedwa mokwakwaza, n'kumasiya kumbuyo mipando yopanda atomu kapena maatomu ofinyikira posayenera. Zimenezi zimachitika m'chitsulo chilichonse, ngakhale mu waya wathu uja.

M'chitsulo cha dongosolo muli china chowonjezera. Kumbukirani kuti wachiwiri amakonza pokhapokha akaponda ndendende momwe waponda woyamba. Onse awiri akadula dislocation ina, aliyense amalandira kakhwawa kake. Timakhwawa tiwiriti tikakhala kuti sitili mzere umodzi, pamakhala kachigawo kakang'ono komwe wachiwiri akuyenda msanjiko wina, kumtunda kapena kumunsi pang'ono kwa pomwe anadutsa mnzake. Pamenepo zosokoneza za woyamba zimatsala osakonzedwa, ndipo wachiwiri amasokonezanso pake. Zomwe zimatsala kumbuyo ndi kachubu kataliko ka APB, kopyapyala maatomu ochepa, komwe maatomu a m'kati mwake asemphana ndi a kunja. Vidoz ndi Brown ku Cambridge anafotokoza zimenezi mu 1962 pofuna kumvetsa chifukwa chomwe zitsulo zadongosolo zimaumira msanga zikamapindidwa. Panadutsa zaka pafupifupi 20 machubuwo asanaonedwe, chifukwa sakankha maatomu oyandikana nawo mokwanira kuti aoneke mosavuta. Ine ndimaona kuti iyi ndi imodzi mwa ntchito zokongola m'maphunziro athu: anthu anaganizira chilema ndi pensulo, akudziwa kuti chiyenera kukhalapo, makina ochionetsa asanakhwime.

Chodabwitsa chachikulu chinatulukira mu 1957, pamene Jack Westbrook wa ku General Electric anayeza kulimba kwa Ni3Al pa kutentha kosiyanasiyana. Wosula aliyense amadziwa kuti chitsulo chimafewa pamoto. Ichi chinkalimbirako. Kuchokera pa kutentha kwa m'chipinda, mphamvu yofunika kuchipinda imakwera kangapo, n'kufika pachimake pakati pa madigiri 600 ndi 800, kenako n'kuyamba kutsika.

Chifukwa chake chili pa awiri aja. Iwo amayenda mosavuta pa misanjiko yopendekera, yodula makona a kabokosi. Koma APB imakhala yotsika mtengo pa misanjiko ina, yotsatira mbali za kabokosiko, chifukwa pamenepo kusemphanako sikuika aluminiyamu phewa ndi phewa ndi mnzake. Ndiye pali chokopa. Chigawo cha dislocation chomwe mzere wake waloza mbali yomwe kusunthako kukulowera chimatha kudumpha kuchoka pa msanjiko wina kupita pa wina. Woyamba akadumphira pa msanjiko wa m'mbali, APB imapepukidwa, koma iye wadziika pamalo pomwe satha kuyenda. Wachiwiri ali kumbuyo, womangirizidwa kwa iye. Onse aima. Bernard Kear ndi Heinz Wilsdorf anafotokoza kukodwa kumeneku mu 1962, ndipo mpaka lero kumadziwika ndi maina awo. Kudumphako kumafuna kakankho kochepa, ndipo chomwe chimapereka kakankhoko ndi kutentha, poti maatomu amanjenjemera kwambiri akatenthedwa. Moto ukakula, kudumpha kumachuluka, zokodwa zimachuluka, chitsulo n'kumalimba. Pa maikulosikopu simungalakwitse: chitsulo chomwe chinapindidwa chili chotentha chimadzaza ndi mizere yowongoka kuti nga, yaitali, yonse yoloza kumodzi, pomwe m'chitsulo wamba mumangoona zopotanapotana. Kutentha kukapitirira pachimake paja, misanjiko ya m'mbali nayo imayamba kutsetsereka, zokodwa zija, zomwe timati maloko, zimamasuka, ndipo mphamvu imagwa.

Wina angafunse kuti bwanji osangopanga zinthu ndi Ni3Al yekha. Anthu anayesa, ndipo chinkasweka m'malire mwa njere zake, timakristalo tating'ono tomwe timalumikizana kupanga chitsulo, chisanapindike n'komwe. Mu 1979 Aoki ndi Izumi ku Japan anapeza kuti kuthiramo boroni wochepa kwambiri, wosafika ngakhale gawo 1 pa 100, kumachititsa kuti chizipindika. Pambuyo pake ofufuza a ku Oak Ridge ku America anaonetsa kuti mdani wina ndi chinyontho cha mumpweya: aluminiyamu amalanda okosijeni m'madzi, hayidirojeni wotsalayo n'kulowa m'malire aja. Komabe m'injini sachigwiritsa ntchito chokha.

Kuseri kwa chipinda choyakira mafuta m'injini ya jeti muli gudumu la timasamba tachitsulo, kalikonse kokwana m'dzanja. Mpweya womwe umatiomba umapitirira madigiri 1,500, kutentha koposa pomwe chitsulo chake chimasungunukira. Timapulumuka chifukwa m'kati mwake muli tinjira todutsa mpweya woziziritsa, ndipo kunja tinakutidwa ndi dothi lapadera. Ngakhale zili choncho, chitsulocho chimafika madigiri 1,000. Gudumulo limazungulira koposa ka 10,000 pa mphindi, ndipo tsamba lililonse limakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi matani angapo. Tsamba lamakono ndi kristalo mmodzi kuyambira kumunsi mpaka kunsonga. Poliumba, chitsulo chosungunuka chimayamba kuuma kuchokera pansi kudzera m'kanjira kokhotakhota komwe njere imodzi yokha ndi yomwe imatha kutulukira, n'kukula kudzaza chikombole chonse. Mukalidula n'kuliyang'ana, mupeza timabokosi ta Ni3Al, kalikonse pafupifupi theka la maikuloni, todzaza magawo 70 pa 100 a chitsulocho, ndipo pakati pawo pali tinjira topyapyala ta nikelo wosakaniza wopanda dongosolo. Ma dislocation amabadwira m'tinjiramo, momwe amayenda paokhapaokha. Akafika pakhoma la kabokosi amaima, chifukwa kulowa wekha ndiye kulipira mtengo wa APB. Ayenera kudikira mnzawo, ndipo akalowa awiri, maloko a Kear ndi Wilsdorf akuwadikira. Mbiri ya zitsulozi inayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1940 ndi Nimonic 80, chomwe chinagwira ntchito m'injini zoyamba za jeti, anthu asanamvetse n'komwe chomwe chinkachilimbitsa.

Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti kukumana kwa ma dislocation kumangotichitira zabwino. Tsamba silithyoka tsiku limodzi. Limatamuka pang'onopang'ono kwa maola masauzande, ndipo kutamuka kumeneku, komwe timati creep, ndiko kumatisowetsa tulo. Pa madigiri ngati 750, katundu ali wolemera, ma dislocation oima pakhoma aja sakhala chete. Awiri osiyana, ochokera mbali zosiyana, amakumana n'kuphatikizana, n'kubala dislocation yamtundu wina yomwe panalibe poyamba. Yatsopanoyi imagawika m'tizidutswa, ndipo tizidutswato timalowa m'kabokosi osasiya APB, koma chilema china chotsika mtengo kwambiri: kusokonekera kwa ndondomeko yosanjikizira misanjiko, ngati kuti msanjiko umodzi wasowa kapena wawonjezeka. Anthu a ku Pratt & Whitney, Kear ali m'gululo, anaziona zimenezi cha m'ma 1970. Kuti kachidutswa kotere kadutse, maatomu ochepa kumbuyo kwake ayenera kusinthana mipando kuti dongosolo libwerere, ndipo kutentha kumawalola kutero. Choncho moto womwe umatseka khomo lina ndi womwenso umatsegula linali. Zilemazi zikasanjikizana zingapo, zimasanduka kachigawo kopyapyala komwe kristalo watembenuka ngati chithunzi cha m'galasi, ndipo kachigawo kameneka kamatha kudula timabokosi tambirimbiri motsatizana.

M'zaka zaposachedwa taphunzira kuti zilemazi sizikhala zokha. Pali chida chomwe chimasenda maatomu amodziamodzi kunsonga kwa kasingano ka chitsulo n'kulemba mtundu ndi malo a iliyonse. Chidachi pamodzi ndi maikulosikopu zatsopano zaonetsa kuti kobati ndi kromiyamu amathamangira pa chilema, aluminiyamu ndi nikelo n'kuchepapo. Akaunjikana, pamalopo pamafanana ndi nikelo wopanda dongosolo wa m'tinjira tija, ndiye kachidutswa kotsatira kamadutsa mosavuta. Chitsulo chimadzifewetsa chokha m'kamzere ka maatomu ochepa.

Mu 2016, gulu la Michael Mills ku Ohio State University linafalitsa zotsatira zomwe ine ndimaziona kuti zinasintha kaganizidwe kathu. Iwo anayerekeza zitsulo ziwiri za magudumu a injini, china chili ndi tantalamu wochulukirapo. M'chitsulo chimenecho, omwe ankathamangira pa chilema anali maatomu monga tantalamu ndi titaniyamu, ndipo ankasandutsa chilemacho kukhala kamsanjiko ka kristalo wina wadongosolo, wolimba, wokhuthala maatomu ochepa okha. Kachidutswa kotsatira kakafika, kankapeza njira yatsekeka, ndipo zigawo zotembenuka zija zinkalephera kukula. Pa kutentha kopitirira madigiri 700, chitsulocho chinkatamuka mochedwa kwambiri kuposa chinzake. Kuyambira pamenepo, posankha zothira m'chitsulo chatsopano sitifunsa kokha kuti timabokosi tikhala tambiri bwanji. Timafunsanso kuti dislocation ikadutsa n'kusiya chilema, ndi atomu iti yomwe idzayambe kufikapo. Opanga injini amazitsata mwachidwi, chifukwa madigiri ena 20 kapena 30 omwe gudumu lingapirire amatanthauza mafuta ochepa pa ulendo uliwonse.